Asanakufomatireni laputopu, funsani kaye za mafayilo anu

 Muno timakonda kukambirana za mitengo ya katundu, za marandi ndi za pa boda. Lero ndabwera ndi nkhani ya laputopu. Musaidumphe poganiza kuti ndi za ana a sukulu. Ineyo ndili ndi zaka 44, sukulu ndinalekezera Fomu 4, za makompyuta sindinaphunzire kulikonse, koma kachipangizo kameneka kanatsala pang'ono kundithera mpamba wonse. Nkhaniyi ndi yaitali, amene muli m'basi werengani, nthawi muli nayo.

Geni yanga ndi ya mabulangete, makatani, nsalu zoyala pabedi ndi mapoto. Ndimaoda ku Joni, ndimagulitsa ku Limbe ndi kuno ku Bangwe komwe ndimakhala. Makasitomala anga ambiri ndi aphunzitsi, manesi ndi a m'maofesi, ndiye mukudziwa kale mmene zimakhalira: katundu amapita pa ngongole, ndalama zimabwera mwezi ukatha, pang'onopang'ono, ena mpaka miyezi inayi. Kale ndinkalemba m'kope la chikuto cholimba. Zaka zinayi zapitazo mwana wa achimwene anga, amene anachita za makompyuta ndipo akugwira ntchito ku Lilongwe, anandipangira fayilo ya Excel. Ukalemba dzina, katundu amene munthu watenga ndi ndalama zimene wapereka, yokha imakuuza zotsala. Ndinagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ndinaphunzira, ndinazolowera, kope ndinaliponya pansi pa bedi. Pofika nthawi ya nkhaniyi, m'fayilomo munali anthu 58 ndi ngongole yoposa K3 miliyoni. Kwina kulikonse sindinalembe. Osati pafoni, osati papepala.

Zizindikiro zinalipo, ine ndi amene sindinkafuna kuziona. Kwa miyezi iwiri laputopu inkatenga nthawi yoti ukhoza kutereka tiyi n'kumwa isanamalize kuyaka. Nthawi zina inkangouma pakati pa ntchito, kambewa osasuntha. Kawiri inalemba kuti "Preparing Automatic Repair", kenaka n'kuyaka bwinobwino, ine n'kumati yadzichiritsa yokha. Ndinalinso ndi chizolowezi china. Ulendo wochokera ku Joni ndi wa masiku awiri, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, ndiye m'malo mongokhala ndinkaika laputopu pamiyendo n'kumalemba malisiti onse a katundu, kuwerengera msonkho ndi mtengo wogulitsira, basi ikudumpha m'maenje. Anzanga m'basi ankandiyamikira kuti ndine mayi wadongosolo.

Ulendo umenewo ndinafika kunyumba Lachiwiri usiku, pa 25 Novembala, mapazi atatupa. Lachitatu m'mawa ndinati ndione amene ndiyambe kuwakumbutsa, poti malipiro anali atayandikira. Ndinadina batani. Inayaka, chizindikiro cha kampani chinaoneka, kenaka sikirini yakuda ndi timawu toyera: "No bootable device". Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Zomwezo. Ndinachita zimenezo mwina ka 20 tsiku limenelo. Ndinaigwedeza, ndinaimenya pang'ono pansi pake ngati mmene tinkachitira ndi wailesi kale. Zonsezi musachite. Pambuyo pake ndinauzidwa kuti kuyatsa kulikonse kumene ndinkayatsa kunali ngati kukakamiza wodwala kuti athamange.

Lachinayi ndinainyamula kupita m'tauni, kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta. Malo ake sinditchula. Anaiyatsa, anangoona mawu aja, n'kunena kuti, "Mayi, iyi Windows yafa. Tingoifomata. Pitani mukazungulire, pakatha ola limodzi mudzaitenge."

Ndikanapita kukazungulira, bwenzi lero ndikulemba nkhani ina. Koma miyendo inali ikupwetekabe, ndiye ndinakhala pabenchi pomwepo. Anabaya fulashi yake, anadina apa ndi apo, pa sikirini panabwera mndandanda wa mizere inayi: Drive 0 Partition 1, Partition 2, mpaka 4. Pansi pake panali mawu akuti Delete ndi Format. Chingerezi cha makompyuta chimandivuta, koma manambala ndiye ntchito yanga. Pamzere umodzi panalembedwa kuti malo onse ndi oposa 460 GB, malo otsala ndi 290 ndi kanthu. Ndinaganiza mwa kumsika: ngati thumba ndi la makilo 50 ndipo malo otsala ndi a makilo 30, ndiye kuti m'katimo muli makilo 20 a munthu.

"Achimwene, taimani kaye. Nanga zimene zili m'katimo?"

"Zija zinapita kale, mayi."

"Ngati zinapita, bwanji malo ake sakuoneka kuti ndi opanda kanthu?"

Anandiyang'ana, dzanja lili pa kambewa. Kenaka anati, "Mayi, sankhani chimodzi. Mukufuna laputopu iyake kapena mukufuna mafayilo? Za mafayilo zimatenga nthawi, ine ndili ndi anthu pamzere."

Ndinamupatsa ya fanta, ndinatenga laputopu yanga n'kumapita. Sindikunena kuti mnyamatayo ndi wakuba. Anandiuza zoona pamapeto pake, kuti nthawi alibe. Iye amadya pa kuchuluka kwa makina amene wakonza patsiku, ndipo njira yachangu yoti laputopu iyake ndi kufufuta zonse n'kuyambira pachiyambi. Kwa mwana amene amangoonerapo mafilimu palibe vuto. Kwa ife ayi. Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: Windows kukana kuyaka si kutha kwa mafayilo anu. Zili ngati kiyi wa shopu wathyokera m'loko. Katundu ali m'katimo. Kufomata ndi kutulutsa katundu yense kukamutaya kuti mumange shopu yatsopano pamalo omwewo.

Usiku ndinamuimbira mwana wa achimwene uja pa vidiyo ya WhatsApp. Mawu ake oyamba anali akuti, "Azakhali, musaiyatsenso mpaka ndikuuzeni." Kenaka anayamba kundifunsa ngati adokotala, ndipo mafunso ake ndi amene ndikufuna ndikusiyireni, chifukwa mawu akuti "laputopu sikuyaka" amabisa matenda osiyanasiyana.

Anafunsa ngati ukadina batani pamayaka kagetsi kalikonse, kapena ngati fani imamveka. Akuti ikangokhala zii, osawala osalira, nthawi zambiri vuto ndi la moto: chaja, soketi kapena batire. Ife ogula zinthu ku Joni tizikumbukira kuti mapulagi a kumeneko ndi a mano atatu ozungulira, athu ndi a mano atatu aphwatalala, ndiye timadalira timaadaputa totchipa timene timakhwefuka, munthu n'kumaganiza kuti ukuchaja pomwe sukuchaja. Zikatero yesani soketi ina ndi chaja ina yofanana nayo mphamvu. Mukhozanso kuzula chaja, kuchotsa batire ngati ndi lochotseka, n'kugwira batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30, kenaka n'kubwezera chaja yokha. Zina zimadzuka ndi zimenezo basi. Ikamayaka, fani ikulira, koma sikirini ili bii osaonetsa ngakhale chizindikiro cha kampani, ndiye amakayikira RAM kapena sikiriniyo. Mukailumikiza ku TV ndi chingwe cha HDMI n'kuona zithunzi zikubwera pa TV, mwadziwa kuti makina ali moyo. RAM ndi kathabwa kakang'ono kamene nthawi zina kamasuntha pamalo pake ndi kugwedezeka kwa paulendo, wodziwa amangokachotsa n'kukabwezeramo.

Yanga inali m'gulu lina. Inkaonetsa chizindikiro, inkalemba mawu. Iye anati imeneyo ndi nkhani yabwino, chifukwa makina akugwira ntchito, akungofunafuna Windows osaipeza. Anandiuza kuti ndione kaye ngati palibe fulashi, memory card kapena china chilichonse chobayidwa m'mbali, poti laputopu ina imayesa kuyakira pa chimene yachipezacho. Panalibe.

Ndiye anandilowetsa m'malo otchedwa BIOS, amene ndinali ndisanawaonepo. Ndi tsamba limene limabwera Windows isanayambe, ndipo umalowamo podina batani lina mobwerezabwereza ukangoyatsa. Pa Dell ndi Acer ndi F2. Pa HP ndi F10, kapena Esc kuti ikupatse zosankha. Pa Lenovo ndi F1 kapena F2, kutengera mtundu wake. Ndisanakhudze kanthu anandiuza kuti ndijambule tsamba lililonse ndi foni, kuti ndikasokoneza tidziwe pobwerera. Choyamba tinaona deti. Akuti likamaonetsa chaka chakalekale, ndiye kuti kabatire kakang'ono ka m'kati, konga ka wotchi, katha, ndipo kakatha BIOS imaiwala zimene inauzidwa. Ikhoza kusintha yokha pakati pa UEFI ndi Legacy, zimene ndi njira ziwiri zoyatsira, n'kulephera kupeza Windows imene ili bwinobwino. Pamenepo mankhwala ake ndi kungobwezera pomwe zinali ndi kugula kabatire. Ndinapemphera kuti likhale vuto limenelo. Deti linali lolondola.

Chachiwiri tinaona ngati hard disk ikuoneka. Inaoneka, 500 GB. Malaputopu ambiri ali ndi njira yawoyawo yodziyezera, pa HP umadina F2, pa Dell umaipeza ukadina F12 n'kusankha Diagnostics. Tinayeza disk. Sipanathe mphindi zitatu, inalemba kuti yalephera mayeso. Ndinaika khutu pafupi, ndinamva kaphokoso ka apo ndi apo, tiki, tiki, ngati wotchi yakale.

"Azakhali, zimitsani. Disk ikufa, koma sinafe. Muikulunge muisunge. Ndibwera Loweruka la sabata yamawa."

Anandifotokozera kuti m'kati mwa hard disk yachikale muli timbale timene timazungulira maulendo 5400 pa mphindi imodzi, ndipo pamwamba pake pamayandama kamkono kowerenga, pafupi kwambiri koma osakhudza. Laputopu ikagwedezeka ili choyaka, kamkonoko kamatha kukanda mbale, ndipo pokandikapo zimene zinalembedwa zimawonongeka. Anandifunsa ngati ndinaigwetsapo. Ndinati ayi. Kenaka ndinakumbukira maenje a mumsewu wa ku Tete, zaka zinayi, ulendo uliwonse, laputopu ili pamiyendo. Dongosolo langa lija ndi limene linkaipha. Ndipo mnyamata wa m'tauni akanaikadi Windows pa disk yomweyo, ndikanataya mafayilo, ndikanalipira, kenaka pakatha sabata zingapo ikanafanso.

Masiku amene ndinkadikirawo ndi amene mwezi unatha. Anthu analandira, ine mndandanda ndilibe. Ndinakhala usiku awiri ndikufufuza mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money, ndi macheza a pa WhatsApp, kuyesa kukumbukira kuti uyu anatenga chiyani. Olipira pafoni anapezeka. Olipira pamanja, amene ndi ambiri, panalibe pogwira. Ndinauza mnzanga mmodzi yekha kuti laputopu yafa, koma mukudziwa nkhani za m'dera, pofika Lamlungu tchalitchi chonse chinali chitamva. Mayi wina wa mu ofesi, wovala bwino, nditamuimbira anandiyankha mokoma kuti, "Asisi, ine pajatu ndinamaliza mwezi watha, mwaiwala?" Mtima unkandiuza kuti sanamalize, koma ndikanatsutsa ndi chiyani? Ndinangoti zikomo. Tsiku lomwelo madzulo kunabwera bambo wina wachikulire, mphunzitsi wa ku pulayimale, ndi K30,000 m'envulopu ya mapoto amene anatengera akazi awo. Bambo amenewo ndinali nditawaiwaliratu, sanali ngakhale papepala limene ndinkalemba za m'mutu. Ena anangokhala chete kudikira kuti aone ngati ndiwakumbuke. Sindikuwaweruza kwambiri, zinthu zavuta kwa aliyense, koma ndinawaona.

Loweruka mnyamata anafika ndi laputopu yake, kasikuludiraiva ndi kachingwe kotchedwa SATA to USB. Kachingwe kameneka n'kotchipa kuposa bulangete limodzi, ku Joni kamapezeka m'mashopu a makompyuta, ndipo amene muli ndi laputopu yachikale kagulireni tsiku lisanafike. Anamasula chivundikiro chapansi, anatulutsa disk, kanthu kochepa kuposa foni yanga. Anakalumikiza ku laputopu yake ngati fulashi. Tinadikira. Anandichenjeza kuti pamenepa Windows nthawi zina imabweretsa uthenga woti disk iyenera kufomatidwa kaye isanagwiritsidwe ntchito, ndipo munthu wa phuma amadina kuvomera. Yankho ndi kukana nthawi zonse. Kwa ife uthengawo sunabwere. Disk inatseguka, mochedwa, koma inatseguka. Analowa mu Users, kenaka m'dzina langa, kenaka Desktop.

Ndinkafuna akopere zonse nthawi imodzi. Anakana. Anati disk yodwala sudziwa kuti yatsala ndi mphindi zingati, ndiye uyambe ndi chimene sungakhale popanda icho. Anayamba ndi fayilo ya ngongole. Inadutsa m'kuphethira kwa diso. Nditafunsa kukula kwake anandionetsa kuti ndi yochepa kuposa chithunzi chimodzi cha pafoni. Zaka zinayi ndikanatha kumadzitumizira pa WhatsApp tsiku lililonse osamva n'komwe kuti bandulo yatha. Anaitsegula, mayina onse 58 anali momwemo, mpaka malisiti amene ndinalemba tikudikira pa Nyamapanda. Ndinatuluka panja kukakhala pakhonde kaye.

Mayi wa mu ofesi uja anali ndi K85,000 ya mabulangete awiri. Ndinamutumizira chithunzi cha mzere wake popanda mawu ena. Anayankha kuti anasokoneza ndi ngongole ya kwa mayi wina. Wapereka theka. Timapatsanabe moni.

Zikalata zina zonse zinatuluka, makope a pasipoti, malisiti, makalata a sukulu a ana. Titafika pa zithunzi, disk inayamba kukakamira. Imakopera pang'ono n'kuima, n'kulemba kuti yalephera kuwerenga. Foda ya chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi inatuluka theka. Foda imene munali zithunzi za malemu mayi anga, za chaka chawo chomaliza, inakana yonse. Foni imene ndinajambulira inabedwa kalekale. Mnyamata anati tisaikakamize, tingaiphe ndithu.

Pano ndiike chenjezo limene iye anandiuza kuti ndisaiwale polemba. Njira ya kachingweyi inatheka chifukwa laputopu yanga ndi yakale. Zambiri zatsopano zimakhoma mafayilo ndi loko wotchedwa BitLocker, nthawi zina mwini wake osadziwa, ndipo disk ukaichotsa n'kuiika pena imafuna kiyi wa manambala 48. Kiyi ameneyo kawirikawiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene munalowera poyamba. Ngati akauntiyo anakutsegulirani wina pashopu ndipo pasiwedi simuidziwa, ikonzeni nkhaniyo lero laputopu ikadali yoyaka. Zina zatsopano disk yake sichotseka n'komwe. Pa zoterozo odziwa amayatsa makina ndi fulashi ya Ubuntu, n'kusankha Try Ubuntu osati Install, n'kukopera mafayilo osakhudza zimene zili pa disk.

Tsopano kuika Windows. Ndinkaganiza kuti zovuta zatha, koma zinatidyera Lamlungu lonse. Tinagula SSD ya 256 GB, yofanana kukula ndi disk yakale, yolowa pamalo omwewo. SSD ilibe mbale kapena kamkono, mulibe chozungulira, ndiye maenje siwaopa ngati inzake ija. Windows yake anaitenga pa tsamba la Microsoft ndi pulogalamu yotchedwa Media Creation Tool. Kutenga n'kwaulere, koma imadya bandulo ya ma GB asanu kapena kuposa, ndiye tinachita usiku. Pamafunika fulashi ya 8 GB kupita m'mwamba, ndipo zonse zimene zili m'fulashimo zimafufutika. Dziwaninso kuti kungokopera fayilo ya Windows n'kuiponya m'fulashi ngati nyimbo sikugwira. Fulashi iyenera kukonzedwa ndi pulogalamu imeneyo kapena ina yotchedwa Rufus kuti laputopu ithe kuyakirapo.

Fulashi ndinapereka ine, monyadira. Ulendo wapitawo ndinali nditaoda mafulashi 20 kwa anyamata a mumsewu ku Joni, olembedwa 64 GB, pamtengo wokoma, oti ndizigulitsa pambali. Tinabaya, tinadina batani losankhira poyakira, limene pa HP ndi F9 ndipo pa Dell, Lenovo ndi Acer ndi F12. Zinayamba bwino. Zitafika pakati zinaima, n'kulemba kuti Windows yalephera kuika mafayilo ofunika. Tinayambiranso, zinaimanso. Mnyamata anayamba kukayikira RAM, anaichotsa n'kuibwezera, zomwezo. Kenaka anayang'ana fulashi ija, n'kundiyang'ana ine. Anaiyeza pa laputopu yake. Inali yabodza. Imauza kompyuta kuti ndi ya 64 GB pomwe m'kati mwake ndi kachinthu kakang'ono, ndipo ukadutsa malire ake enieni imalandirabe mafayilo ngati ikusunga, koma ukadzawafuna ndi zinyalala. Ndinali nditagulitsa kale asanu ndi awiri. Ine amene ndinali nditangolira ndi kutayika kwa mafayilo ndinali nditagulitsa anthu chinthu chowatayitsa awo. Anayi ndinawapeza n'kuwabwezera ndalama. Atatu anali odutsa pamsika, sindikuwadziwa. Otsalawo ali m'kabati, sindikudziwa kuti ndiwatani. Amene mumaoda mafulashi ndi ma memory card, yezani imodzi musanatenge katoni: idzazeni ndi mafilimu mpaka pakamwa, kenaka mutsegule oyamba ndi omaliza muone ngati akusewera.

Tinabwereka fulashi yeniyeni kwa aneba, tinaikonzanso, magetsi anazima, tinadikira, anayaka cha m'ma 3 koloko. Ulendo uno tinafika pa tsamba lija la mizere, lomwe ndinaliona m'tauni. Windows inakana kulowa pa SSD, inati disk ili ndi MBR pomwe pakufunika GPT. Mnyamata anaseka, anati ndi iye amene analakwitsa poiyesa SSD pa laputopu yake. Akuti awa ndi makonzedwe awiri a disk: ukayatsa mwa UEFI pamafunika GPT, ukayatsa mwa Legacy pamafunika MBR. N'chifukwa chake fulashi imodzi imatha kuoneka kawiri pamndandanda wosankhira, kwina ili ndi mawu akuti UEFI kutsogolo. Iye anasankha mzere wa SSD n'kudina Delete mpaka panatsala mzere umodzi wolembedwa Unallocated Space, kenaka Next. Nditaona dzanja lake likupita pa Delete ndinagwira mpando. Batani lomwe lija. Koma apa disk inali yatsopano, yopanda kanthu, ndipo yakale inali patebulo, kutali ndi makina. Ngati mukuika Windows pa disk yatsopano, yakale ichotsedwe kaye, kuti ngakhale dzanja litaphonya pasakhale cholira.

Itafunsa kiyi wa Windows anasankha kuti alibe. Laputopu imene inabwera ndi Windows yovomerezeka kuyambira nthawi ya Windows 8 imasunga chilolezo chake m'makina momwemo, ndipo ukaika mtundu womwewo, Home kapena Pro, imadzitsimikiza yokha ikalumikizidwa pa intaneti. Yanga inatero. Ndiye wina akamakulipiritsani padera za kiyi, funsani kaye ngati akufunikadi. Chomaliza, Wi-Fi inakana kuoneka chifukwa pulogalamu yake yoyendetsera inali isanalowe. Analumikiza foni ndi chingwe, anayatsa USB tethering, laputopu inatenga intaneti ya pafoni n'kudzipezera yokha zotsalazo. Pano imayaka ndisanamalize kukhala pansi.

Tinaika Windows 10 chifukwa yanga singalandire 11, ndipo apa ndilankhule ndi inu amene mumaoda malaputopu akale kudzagulitsa kwa ana a ku koleji. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Imagwirabe ntchito, koma ogula ayamba kufunsa za 11. Windows 11 imafuna chinthu chotchedwa TPM 2.0, ndipo pa Intel imafuna m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Musamangomva kuti ndi Core i5. Onani nambala yotsatira: i5-6200U ndi m'badwo wa 6, i5-8250U ndi wa 8. Musanalipire, lowani mu BIOS pamaso pa wogulitsa. Ikafunsa pasiwedi imene iye saidziwa, isiyeni, chifukwa tsiku limene Windows idzavute simudzatha kusintha kanthu. Zambiri zotere zinachokera m'makampani, ndipo zina ukaikanso Windows zimafuna kuti ulowe ndi akaunti ya kampaniyo. Funsaninso ngati muli SSD kapena disk yachikale, ndipo muone nokha, osangomva.

Kope la chikuto cholimba ndinalitulutsa pansi pa bedi, mphemvu zinali zitadyako pang'ono, ndayambanso kulembamo olipira pamanja. Lamlungu lililonse madzulo fayilo ya ngongole ndimadzitumizira pa Gmail, mmene muli malo aulere a 15 GB amene ndakhala nawo zaka zonsezi osawagwiritsa ntchito. M'basi laputopu imakhala yozimitsa, m'chikwama cha m'manja, pakati pa zitenje. Malisiti ndimalemba ndikafika.

Disk yakale ija ndinaikulunga m'sokosi, ili m'kabokosi ka sopo. Mwana wa achimwene akuti alipo akatswiri amene amatsegula disk m'chipinda chopanda fumbi n'kutulutsa zimene zakanika, koma mtengo wake ukhoza kuposa wa laputopu. Zithunzi za mayi ndikuzifunabe. Lachisanu ndikukwera, ndipo ndainyamula kuti ndikangofunsa mtengo. Amene munapangitsapo zimenezi ku Joni kapena ku Pretoria ndipo zinatheka, ndilembereni ku inbox, mundiuze kuti munalipira zingati ndipo zinatenga masiku angati, chifukwa ine ndikakhalako masiku anayi okha.